Mabuloko Awiri ndi Theka a Bambo Daka

Kwa chaka chathunthu dramu langa la madzi linakhala pa mabuloko awiri ndi theka, kuseri kwa nyumba. Anali mabuloko akale a simenti, akuda, mbali imodzi yomera ndere. Sanali anga. Anali a Amock Daka, ndipo moyo wawo sindingaufotokoze popanda mabulokowo, ngakhale ndikanakonda kutero.

A Daka anabadwira ku Katete, m'mudzi wa m'mbali mwa dambo. Ntchito yawo yoyamba inali ya kudimba la atate awo, kutsegula ndi kutseka timingalande ndi khasu kuti madzi afike pa repu ndi anyezi yense. Anabwera ku Lusaka mu 1979 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Poyamba anagwira ntchito panyumba ina ku Kabulonga, kuthirira kapinga. Ankaseka akamakumbukira zimenezo. Ankati miyezi itatu yoyamba ankadikira kuti aone tsiku limene eni nyumba adzakolole udzuwo.

Kenako analowa m'gulu la okumba ngalande. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anagwira piki ndi fosholo, ku Emmasdale, ku Roma, ku Chelstone, mpaka pakati pa tauni. Kumeneko ndiko anadziwira kuti Lusaka anakhala pamwala, ndiponso kuti ndi wosalala ngati lichero. Mvula ikagwa, madzi salowa pansi msanga, ndipo alibe kothamangira. Anakwatira mayi Thandizo, amene anakumana nawo ku kwaya ya Reformed, napeza kanyumba ku Kabwata. Mwana wawo amene anakula ndi mmodzi, Valerie. Mayi Thandizo anamwalira m'nyengo yozizira ya 2016, a Daka n'kutsala okha m'nyumbamo.

Ine ndinasamukira mumsewu wawo zaka zinayi pambuyo pake, kuchokera ku Chelstone, nditapatsidwa sukulu ina yophunzitsako. Anthu onse mumsewumo ankawaitana kuti ba Daka, monga mwa chilankhulo cha m'tauni. Ine tsiku loyamba ndinati, "Mwaswera bwanji, a Daka?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Chadiza."

"Ndiye mwaimiranji? Khalani pansi." Chadiza ndi Katete ndi maboma oyandikana, kum'mawa kwa dziko lino.

Kumtunda kwa msewu wathu, ngalande yaikulu yochokera mbali ya ku Woodlands imagawika pawiri. Ya kumanzere imadutsa kutsogolo kwa nyumba yanga ndi ya a Daka, n'kukazimirira kuseri kwa tchalitchi. Ya kumanja imatsikira ku kalavati wodutsa pansi pa msewu, ndipo pafupi ndi kalavatiyo pali nyumba ya ba Perpetua, mayi wosoka mayunifolomu a sukulu. Anthu a kuno ngalande amaitcha mufolo, madzi amawatcha manzi.

Mvula ikayamba, anthu ankathawira m'nyumba, a Daka ankatuluka. Ankavala jombo ndi thumba la pulasitiki kumutu, n'kumayenda m'mbali mwa ngalande manja ali kumbuyo, ngati munthu woyendera munda wake. Palibe anawalemba ntchitoyo. Anthu ankawaseka mwachikondi, kuwatcha Nduna ya Manzi, ndipo iwo ankavomera dzinalo ndi sawatcha.

Tsiku lina madzulo, mu Malichi, mvula ili kumapeto, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, madzi a m'tauni muno amawayendetsa ndani?"

Ndinati pali akatswiri, pali mapulani.

"Mapulani ndinawaona. Ndinakumba motsata mapulaniwo. Papepala ngalande iyi ndi mizere iwiri yoongoka bwino. Koma papepalapo palibe mpanda umene wamangidwa chaka chatha kumtunda uko. Palibe munthu amene wadula mango ake n'kuthira simenti pabwalo kuti galimoto isade. Palibe botolo la maheu. Aliyense amangokankha madzi pang'ono kuti achoke pakhomo pake. Anthu zikwi, yense pang'ono. Zonsezo zikakumana, madzi amatenga njira imene palibe ndi mmodzi yemwe anaifuna."

"Ndiye zikavuta wolakwa ndani?"

"Mwafulumira. Yambani mwafunsa kuti chagunda chiyani, ndipo icho chinagundidwa ndi chiyani. Muno simungagwire chinthu chimodzi chokha. Mukagwira pano, uko kwagwedezeka, mwina mawa, mwina Januwale."

Kenako analoza kumtunda ndi chibwano. "Ine ndili ndi chiwongolero changa pamphambano paja. Chaka chilichonse ndimachipotoza pang'ono."

Mawuwo ndinawakonda. Ndinayesa ndi fanizo, kulankhula kokoma kwa munthu wachikulire amene akunena za maso ake ndi kuleza mtima kwake. Ndinapita nawo kunyumba ndikuwabwereza mumtima. Sindinafunse kuti chiwongolerocho n'chopangidwa ndi chiyani.

Mu Sepitembala chaka chatha a Daka anaitanidwa ku Katete, mkulu wawo akudwala. Mkuluyo anamwalira, ndipo iwo anatsalira komweko kuti athandize mlamu wawo kulima ndi kubzala. Anatseka nyumba, makiyi n'kusiyira Valerie, amene amakhala ku Chunga.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Jakaranda anayoyola maluwa, fumbi linakhala pamasamba a mango, ndipo madzi m'mipopi ankabwera mbandakucha okha. Loweruka lomaliza la mweziwo tinatuluka kukayeretsa msewu, monga timachitira mvula isanabwere. Wotitsogolera anali ba Kalaba, wapampando wa komiti ya mumsewu, munthu wa wezulo ndi mawu aakulu.

"Ba Ticha, imwe ngenani mu mufolo," anatero. "Ndimwe bang'ono thupi. Ine nikangena, muzafunika kileni."

Ndinalowa. Ndinatola mapulasitiki, nsapato imodzi, matewera a ana, mpaka ndinafika pamphambano, pamene zaka zonse ankayeretsa a Daka okha. Pamenepo ndinapeza mabuloko. Awiri anagona motsatana, mopingasa pang'ono, ndipo theka linaima chammbali kutsogolo kwawo. Pansi pake panali timiyala totsekera kuti asagwedezeke. Ine ndinakulira kudimba. Ndikanaima ndi kuyang'ana mphindi imodzi, ndikanadziwa kuti zimenezi si zinyalala, pali dzanja limene linaziika. Koma dzuwa linali pamutu, ndinkafuna kuti ngalande ioneke yoyera, ndiponso ndinakumbukira dramu langa limene linayamba dzimbiri chifukwa chokhala padothi. Ndinawazula ndi chitsulo, ndinawakweza pa wilibala. Anthu ambiri anali atapita kale kumunsi ndi matsache awo.

Ba Kalaba atabwerera anasuzumira pamphambano poyera n'kuimba wezulo. "Mwaona manje! Mufolo wapuma."

Ndinanyada.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala, inswa zinatuluka, fungo la dothi linadzaza msewu. Ndinaona kuti ngalande ya kutsogolo kwa nyumba yanga ikungodontha, pamene zaka zonse inkathamanga. Ndinakondwa, chifukwa udzudzu unachepa. Sindinadzifunse kuti madzi athu apita kuti.

Tsopano ndikudziwa. Pansi pa mphambanoyo m'popendekera kumanja, pang'ono kwambiri moti diso siliona. Popanda mabuloko, madzi onse ankatsata kumanja, atanyamula mchenga ndi mabotolo, n'kukazisiya pakamwa pa kalavati. Mvula iliyonse inkasiyapo pang'ono. Kumanzere, poti madzi sankadutsa mwamphamvu, dothi linakhazikika, udzu unamera. Udzu utamera, anthu anayamba kutayamo phulusa la mbaula ndi makoko a mango, poti ngalande youma imaoneka ngati dzala. Wina anayalapo matabwa n'kuikapo tebulo la tomato. Ngalandeyo itakwera chotero, ngakhale madzi ochepa amene ankalowamo analeka. Chinthu chilichonse chinkaitana chinzake. Ine ndinkadutsa pamenepo kawiri patsiku, mabuku ali m'khwapa.

A Daka anabwera Lachitatu la sabata yoyamba ya Januwale, masana, mitambo itada kale kum'mawa. Sanamasule n'komwe katundu. Anapita pamphambano, anapeza palibe kanthu, ndipo mvula inayamba ali chiimire. Inali mvula ija imene imagwa ngati ikuthiridwa ndi ndowa. Anthu obisala pakhonde la shopu anawaona akuthamanga uku ndi uku kutola miyala, kenako anawaona ali m'ngalande, madzi m'chiuno, akukankha miyalayo ndi mapazi. Ankayesa kubweza madzi kumanzere. Koma kumanzere kunali kotseka, ndipo miyala yawo inakokoloka.

Ola lisanathe kalavati anatsekeka. Madzi anakwera pamsewu, analowa pakhomo la ba Perpetua mpaka m'mawondo. Sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, ndipo m'nyumbamo munali mayunifolomu a ana a anthu, osokedwa kale, opindidwa, aliyense ndi kapepala ka dzina. Anatuluka pakhomo akuyandama. Makina osokera anamira. Amayi awo a ba Perpetua, amene sayenda, anawatulutsa atawabereka kumsana.

Kwa ine ndi kwa a Daka sikunalowe ngakhale dontho.

Mvula itakata, ba Perpetua anakwera msewu, chitenje chili chonyowa, atanyamula kadiresi ka buluu kodzaza matope. A Daka anali atakhala m'mbali mwa ngalande, akunjenjemera. Ba Perpetua anawaponyera kadiresiko pamiyendo.

"Ba Daka, ninakulakwilani chani ine? Mwabwela chabe lelo, na lelo lamene manzi yangena mu nyumba yanga!"

"Mayi, pano panali mabuloko..."

"Mabuloko ya chani? Tinakuonani na menso yathu, mwenze kupingisa manzi! Kwanu kwauma, onani! Kwauma monga mu Ogasiti!"

Anthu anayang'ana kumanzere, ndipo kunalidi kouma. Ine ndinali pomwepo, pansi pa ambulera. Nditamva mawu akuti mabuloko, ndinazindikira. Chiwongolero chija. Ndinabwerera kunyumba, ndinapita kuseri, ndinaima n'kumayang'ana pansi pa dramu. Ndere inali ikadali yobiriwira.

Lachisanu m'mawa a Daka anabwera pageti panga. Anali atayenda kale nyumba zingapo.

"Aphunzitsi, pepani ndakudzutsani. Paja munalipo tsiku loyeretsa. Simunaoneko amene anachotsa mabuloko pamphambano? Awiri ndi theka. Sindikufuna kukangana naye. Ndingofuna anene, anthu adziwe kuti analipo."

Kuchokera pagetipo kufika pa dramu ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndinawerenga pambuyo pake. Ndinaganiza za ba Perpetua ndi kadiresi kaja, za makolo a ana amene ndimawaphunzitsa, za dzina langa likutchulidwa pampopi.

"Sindinaone, a Daka," ndinatero. "Tinalipo ambiri."

Anagwedeza mutu. "Zikomo. Mwina ndi ongodutsa." Anapita pageti lotsatira.

Palibe anawakhulupirira. Mabulokowo ankakhala pansi pa madzi m'dzinja, pansi pa zinyalala m'chilimwe, ndipo palibe anali atawaonapo. Chimene anthu anaona ndi mdala ali m'ngalande, ndi nyumba yake youma. Dzina la Nduna ya Manzi linasiya kuseketsa. Azimayi pampopi ankaleka kulankhula iwo akamadutsa. Wina anawathirira zinyalala mkati mwa mpanda. Wina anatenga fosholo imene inkatsamira pageti zaka zonse. Ba Kalaba anawauza pamsonkhano wa komiti kuti, "Ba mudala, mufolo si munda wanu. Mukangenamo futi, tizaitana bakapokola." Ankanena apolisi.

Mvula ya Febuluwale inagwa a Daka ali m'nyumba, zenera lotseka. Sindinawaonenso ndi thumba la pulasitiki kumutu.

Ine ndinkawapatsabe moni. Nthawi zina ndinkawatengera chimanga chachiwisi. Ndipo usiku ndi usana ndinkadziteteza ndi mawu awo omwe. Ndinkati, kodi si iwo ananena kuti palibe mmodzi amene amayendetsa madzi? Nanga mpanda wa ku Woodlands? Nanga wa tebulo la tomato, nanga otaya phulusa? Ine ndinangogunda chinthu chimodzi mwa zikwi. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinabisala m'choonadicho ngati m'munda wa chimanga. Tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkalemeretsa kulankhula kwa tsiku lotsatira. Kukhala chete nakonso kumamera udzu.

Mu Meyi, udzu utayamba kufiira ndipo m'mawa mukuzizira, Valerie anabwera ndi kalole. Anati sangasiye atate ake pakati pa anthu amene sawayankha moni. Ndinathandiza kunyamula bedi ndi mpando wawo wachitsulo. Pomaliza Valerie anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ba Ticha, zikomo. Mu mseu onse uno ni imwe chabe mwenze kubaona monga muntu."

A Daka anakhala kutsogolo, chipewa chili pamawondo. Galimoto itafika pamphambano anatembenuza mutu, n'kuyang'anabe mpaka anakhota.

Ndinapirira mwezi umodzi. Loweruka lina mu Juni, mphepo yozizira ikuomba, ndinapita kwa ba Perpetua. Ndinawapeza pakhonde akusoka ndi makina obwereka. Pakhoma panali mzere wa matope umene utoto unakana kubisa. Ba Kalaba analiponso, atabweretsa thalauza loti alikulitse m'chiuno.

Ndinanena zonse nditaimirira. Tsiku loyeretsa, wilibala, dramu, bodza la pageti.

Ba Perpetua anaimitsa makina. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana ba Kalaba, ndipo onse awiri anaphulika kuseka.

"Ba Ticha, imwe naimwe! Mabuloko yabili na hafu? Manzi yonse yaja, yamene yananyamula na filiji ya pa shopu?"

"Ndikunena zoona, mayi. Ali kuseri kwa nyumba yanga. Tiyeni mukaone."

"Nikaone mabuloko? Nanga ine siniyaziba mabuloko?"

"Na hafu!" anatero ba Kalaba akupukuta misozi. "Hafu ndiye yanipaya. Ba Ticha, muli na mutima wabwino, tiziba. Mufuna kusamba ba mudala banu chifukwa ndimwe ba kumawa mweka-mweka. Manje ise tinaona."

Ndinali nditakonzekera kutukwanidwa. Ndinali nditakonzekera ngakhale kumenyedwa ndi lula ya telala. Kusekedwa sindinakukonzekere. M'maso mwawo, tsoka lalikulu linkafunika mwini wake wamkulu, munthu wooneka, woima m'madzi tsiku lomwelo. Kanthu kakang'ono kochitika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, sikakanatha kumiza nyumba mu Januwale. Ndikanalankhula Lachisanu lija, a Daka ali pageti, matope asanaume, mawu anga ndi awo akanagwirizana, mwina anthu akanapita kukaona. Tsopano nkhani inali itauma kale m'maonekedwe ena.

Ku Chunga ndinapita mu Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya Valerie, pa mpando wawo wachitsulo, ataonda. Patsogolo pawo panali kabedi ka repu, ndipo anali atakumba timingalande ting'onoting'ono tochokera pampopi.

Sindinadikire tiyi. Ndinakhala pansi padothi n'kunena.

Anamvetsera osandiyang'ana. Mphepo inkagwedeza malata.

"Dramu," anatero. "Chabwino, ndi ntchito yake ya buloko."

"Mlandu wonse ndi wanga, a Daka."

"Wonse? Musadzikuze, aphunzitsi. Inu simungamize nyumba nokha. Munalipo inu, analipo a mipanda, analipo a phulusa. Ndinaliponso ine. Miyala imene ndinaponya tsiku lija inakatseka kalavati, ndinaiona ikupita. Ndiponso zaka zonsezo sindinauze munthu momveka kuti pano pali chakuti, musachotse. Ndinkakonda kuti chikhale changa." Anatsokomola. "Za madzi tigawana tonse, ndipo gawo lanu silidziwika kukula kwake. Palibe sikelo yake."

Mtima wanga unayamba kupepuka. Iwo anaona, ndipo anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba.

"Koma pageti paja munali nokha. Panalibe mpanda wa ku Woodlands pamenepo. Ndinafunsa munthu mmodzi funso limodzi."

Iwo anapitiriza.

"Ndinakukhulupirirani, mukudziwa? Nditachoka pageti panu ndinayamba kukayika mutu wanga. Ndinati kapena ndinawachotsa ndekha ndisanapite ku Katete, ndaiwala. Miyezi yonseyi ndakhala ndikudzifunsa zimenezo."

Ndinawauza kuti ndinakaulula kwa ba Perpetua ndipo anandiseka. Apo anamwetulira pang'ono.

"Angakhulupirire bwanji? Inenso zinanditengera madzinja asanu ndi limodzi. Atatu athunthu ankatumiza madzi ambiri kumanzere, ankalowa m'tchalitchi. Awiri ankachepa. Theka lija ndinalipeza chaka chimene mayi anu anamwalira." Ankanena mayi Thandizo. "Anthu samva ndi makutu zinthu zotere. Aone."

"Ndikawabwezera pomwe anali. Mundiuze kaikidwe kake."

"Pomwe anali palibenso. Ngalande ija si ija ndinaisiya. Kumtunda amanga zina, kumunsi mchenga wasintha. Yambani mwakumba kumanzere mpaka mupeze simenti. Mabuloko muwaike m'mene mukuganizira. Ikagwa mvula mukaime pomwepo, muone, mupotoze. Mudzalakwitsa. Ikagwa ina mupotozenso."

"Simungabwere kudzandionetsa?"

"Kuti adzaitane apolisi?" Anawerama n'kutsegula kangalande kamodzi ndi chala, madzi n'kulowa pa repu. "Nyumba ija Valerie waikamo anthu. Ine kwanga ndi kuno tsopano. Chimene ndikufuna n'chimodzi. Mayi uja asamafotokozere zidzukulu zake kuti Amock Daka anamumiza dala."

Sepitembala yense, ndikaweruka kusukulu, ndinkakumba. Wa tomato anakana kusuntha tebulo mpaka ndinamuthandiza kulinyamula. M'ngalandemo ndinatulutsa phulusa la miyezi khumi, mizu ya udzu yolukana ngati mphasa, ndi zinyalala zina zimene ndinazizindikira kuti zinachokera m'nyumba mwanga. Jakaranda atayambanso kuyoyola, ndinatsitsa dramu, ndinakweza mabuloko pa wilibala yomwe ija. Ba Kalaba anandipeza ndili m'ngalande.

"Shani, ba Ticha? Mwapyana u Minister?" Ankafunsa ngati ndalowa m'malo mwa Nduna ya Manzi.

"Ndikubweza zimene ndinatenga."

"Na hafu yonse?" Anapita akuseka, koma apolisi sanawatchule.

Awiri aja ndinawagoneka mopingasa monga ndinkakumbukira. Theka linandivuta. Sindinkadziwa ngati mbali yothyoka inkayang'ana kumtunda kapena kumunsi. Tsiku limene ndinalizula sindinayang'ane.

Mvula yeniyeni yoyamba inagwa pa 19 Novembala, masana. Ndinavala jombo, ndinathamangira pamphambano. Madzi anabwera ofiira, atasenza mabotolo, anagunda theka lija n'kudumpha. Kenako ndinaona akugawika. Msana wa madzi unang'ambika pakati, gawo lina kumanja, gawo lina kumanzere. Koma kumanzere kunapita ambiri. Ndili pomwepo ndinkaona ngalande ya kwathu ikusefukira, madzi akukwera pakhonde panga n'kulowa pansi pa chitseko.

Ndinamva munthu kumbuyo kwanga. Anali ba Perpetua, ndi ambulera yothyoka nthiti imodzi. Chiyambire Januwale uja, mvula ikagwa sakhala m'nyumba, amatuluka kukayang'ana kalavati. Tsikulo anapeza madzi akudutsa bwino, osafika n'komwe pakati, ndipo anakwera msewu kudzaona chifukwa chake.

"Ba Ticha, manzi yangena kwanu."

"Ndaona, mayi."

Ndinatsikira m'ngalande, madzi m'mawondo, ndinagwira theka lija n'kulipotoza pang'ono, ngati kutalika kwa chala. Msana wa madzi unasuntha. Kumanja kunakwera, kumanzere kunatsika. Ba Perpetua anayang'ana kumunsi, kunyumba kwawo, kenako kwa ine.

"Bwezani mwamene yenzelili," anatero.

Ndinabweza. Madzi anatsata.

"Chitani futi."

Ndinachitanso. Mvula inkadontha pa nthiti yothyoka ija n'kugwera paphewa pawo. Sanaseke. Anayang'ana nyumba ya a Daka, imene tsopano ili ndi makatani a anthu ena, ndi pageti pamene fosholo inkatsamira.

"Zaka zingati benze kuchita ivi?"

"Zoposa khumi."

"Beka?"

"Okha."

Anasintha ambulera kupita kudzanja lina. Mawu awo anatsika moti ndinawamva movutikira.

"Ninabaponyela diresi pa mendo, pamenso pa bantu." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Ku Chunga, basi mukwelela kuti?"

Ndinawauza, ndi poti atsikire, ndi mtundu wa geti la Valerie. Anabwereza kawiri kuti asaiwale, n'kutsika msewu.

Ine ndinatsala m'ngalande, dzanja lili pa theka la buloko. Madzi anali akulowabe m'nyumba mwanga, ndipo malo enieni a thekalo ndinali ndisanawapeze.